Mwana akufuna kukhala pailoti, nanga za yuniyoni zikumukhudza bwanji?

Mayi ena a ku Area 25 andilembera kuti mwana wawo wamkazi wakhoza bwino MSCE, masamu ndi physics zonse zayenda, ndipo mtima wake uli pa kuyendetsa ndege basi. Koma achimwene awo amene amakhala kunja awaopseza kuti ntchito imeneyi ndi ya masitalaka okhaokha, mayuniyoni a mapailoti amagwetsa makampani, angotaya ndalama pachabe. Mwanayo naye akuti wamva kuti komwe kuli yuniyoni ndi komwe mapailoti amadya bwino. Ndiye akufunsa kuti zoona zili pati, ndipo akadzayamba ntchito adzalowe yuniyoni kapena ayi.

Mayi, zikomo polemba. Ine maganizo anga ndi oti yuniyoni imathandiza kwambiri pailoti amene ali kale mkati, makamaka amene wakhalitsa, koma mwana wanuyu amene akusaka ntchito yake yoyamba thandizo lake ndi lochepa zedi, mwinanso malamulo ena amene mayuniyoni amamenyera amamukwezera mtengo wolowera.

Kuti mumvetse muyambe mwadziwa mmene ntchitoyi imayendera m'makampani akuluakulu, makamaka ku America. Pailoti aliyense ali ndi nambala pa mndandanda potengera tsiku limene anayamba ntchito pa kampanipo, ndipo nambala imeneyo ndi imene imanena kuti ukhala liti kaputeni, uyendetsa ndege yanji, holide ya Khirisimasi upita kapena ugwira, komanso zinthu zikavuta achotsa ndani poyamba. Ukasiya n'kupita kampani ina umakayambiranso pansi, olo uli ndi zaka 20 mumlengalenga, ngati minibasi pa depoti yomwe ikachoka pa mzere imakaima kumbuyo kaya ndi yatsopano bwanji. Ndiye anthu okonda msika womasuka amati abwana akakulipira zochepa ingochoka ukapeze kwina, zimene kwa akauntanti kapena makanika zimatheka ndithu, koma kaputeni sangangochoka chifukwa akutaya zonse zomwe wasonkhanitsa, abwana nawo amadziwa zimenezo. Chotsala ndi kukambirana ngati gulu basi. Chosekesa n'choti mndandanda womwewu amene amauteteza kwambiri ndi mayuniyoni omwewo, chifukwa umaletsa abwana kukweza wokondedwa wawo kapena kukhaulitsa amene anakana kuuluka nyengo itaipa.

Ndipo nkhani yokana kuuluka ndi imene inayambitsa zonsezi. ALPA, yuniyoni yaikulu ya mapailoti padziko lonse, inayamba mu 1931 motsogozedwa ndi David Behncke, nthawi imene mapailoti onyamula makalata ankaumirizidwa kuuluka kaya kuli chifunga kaya chimphepo, ambiri n'kumafa. Pano ili ndi mamembala opitirira 70,000 ku America ndi Canada.

Achimwene anuwo sakunama kwenikweni ayi. Mpaka 1978 boma la America ndi limene linkakhazikitsa mitengo ya matikiti ndi njira zoyenda ndege, ndiye malipiro akakwera makampani ankangopempha kukweza tikiti, wolipira n'kukhala wokwera ndege. Jimmy Carter atasaina lamulo lomasula msika chaka chimenecho, makampani otchipa analowa ndipo zinthu zinatembenuka. Mu 1983 Frank Lorenzo, mkulu wa kampani ya ndege ya Continental, anaitengera ku khothi kuti yagwa, n'kutaya makontirakiti a mayuniyoni, malipiro n'kudulidwa pafupifupi theka, mapailoti ananyanyala koma ndege zinapitiriza kuuluka ndi anthu ena. Eastern Air Lines kunali sitalaka mu 1989, pofika Januwale 1991 kampani inatsekedwa, aliyense panja. Mu 2005 mapailoti a United anaona penshoni yawo ikuthetsedwa kampani ili m'ngongole, yuniyoni ilipo, ikuyang'ana. Koma mwana wanunso ali ndi umboni wake, mu 2023 mapailoti a Delta anasaina kontirakiti yokweza malipiro ndi 34 pelesenti pa zaka zinayi. Kusiyana kwake ndi kotani? Covid itatha anthu anabwerera kukwera ndege mwaunyinji pomwe mapailoti ambiri achikulire anali atapuma ntchito, ndiye panalibe wowalowa m'malo. Yuniyoni siipanga ndalama, imangokoka gawo lalikulu pamene kampani ikupindula ndipo mapailoti akusowa, zikakhala kuti ali mbwee ofuna ntchito mawu ake amachepa.

Pali nkhani ina imene ndimafuna mwana aliyense wofuna ntchitoyi aidziwe. Mu Febuluwale 2009 ndege ya Colgan Air inagwa pafupi ndi mzinda wa Buffalo ku America, anthu 50 anamwalira. Pofufuza zinadziwika kuti wothandiza kaputeni, mtsikana wachichepere, ankalandira pafupifupi madola 16,000 pa chaka, zomwe ku America ndi zochepa kwambiri, ndipo anali atayenda usiku wonse kuchokera ku Seattle, mbali ina ya dzikolo, kuti akayambe ntchito. Mabanja a omwalira pamodzi ndi mayuniyoni anakakamiza boma mpaka panabwera malamulo atsopano opumira komanso lamulo loti wothandiza kaputeni akhale ndi maola 1,500 oyendetsa ndege asanalembedwe, pomwe kale 250 ankakwana. Za kupuma ine ndikuombera m'manja, pailoti wotopa palibe amamufuna. Koma za maola 1,500 tinene chilungamo, mapailoti onse awiri a ndege ija anali atapitirira kale maola amenewo, ndipo lamuloli linachepetsa olowa kumene n'kukweza malipiro a amene ali mkati. Kwa mwana wosauka amene akulipira yekha ola lililonse, khomo linangokwera.

Tibwere kufupi ndi kwathu. Mu Novembala 2022 mapailoti a Kenya Airways kudzera mu yuniyoni yawo ya KALPA ananyanyala masiku anayi, khothi linawalamula kubwerera ku ntchito. Ku South African Airways kampani itagwa m'mavuto, mu Disembala 2020 mapailoti a yuniyoni anatsekeredwa panja kwa miyezi. Mbali inayi kuli Emirates ku Dubai, komwe mayuniyoni saloledwa n'komwe, koma amalipira bwino, osadula msonkho, nyumba amapereka, chifukwa akupikisana ndi dziko lonse pofuna mapailoti. Zinali bwino mpaka 2020 pamene ambiri anachotsedwa popanda wowayankhulira, ndipo kumeneko ntchito ikatha chilolezo chokhalira m'dziko chimatheranso posakhalitsa. Ryanair, kampani ya ndege ya ku Ireland, inakana mayuniyoni zaka zambirimbiri, inadzavomera mu Disembala 2017 itaimitsa maulendo ambirimbiri mapailoti akuthawira kwina.

Kwathu kuno msika wake ndi kakang'ono. Air Malawi inatsekedwa mu 2013, m'malo mwake munabwera Malawian Airlines mu 2014, yomwe pano imatchedwa Malawi Airlines, boma lili ndi 51 pelesenti, Ethiopian Airlines 49, ndipo ndege zake mukapita ku Lumbadzi mutha kuziwerenga ndi zala. Ufulu wolowa yuniyoni ulipo, uli mu gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko komanso mu Labour Relations Act ya 1996, ngakhale kusintha kwa mu 2021 kunalola abwana kudula malipiro sitalaka ikapitirira masiku atatu pa chaka. Koma olemba ntchito akakhala ochepa chonchi, mapailotinso ochepa odziwana onse, musayembekezere za ku Delta zija. Mwana wanu mwina gawo lalikulu la ntchito yake adzaligwira kunja, ndiye azidziwa malamulo a dziko lililonse asanasaine.

Tsono adzalowe? Komwe ilipo ine ndingati alowe, osati chifukwa cha malipiro kwenikweni. Tsiku lina adzatera molakwika pang'ono kapena adzakana kunyamuka chifukwa watopa kapena sakukhutira ndi ndege, aitanidwa ku ofesi, ndipo tsiku limenelo kukhala ndi munthu wodziwa malamulo pambali pako ndi chinthu chachikulu. Mayuniyoni ambiri amathandizanso ndi inshuwalansi ya pamene laisensi yatayika chifukwa cha matenda. Ku ALPA chopereka ndi pafupifupi 2 pelesenti ya malipiro.

Koma mayi, panopa nkhawa yanu isakhale yuniyoni, zimenezo ndi za kutsogolo. Chomwe chingamupweteke mtsikanayu msanga ndi bondi. Makampani ambiri akakulipirira maphunziro a mtundu wa ndege yawo amakumanga zaka zingapo, ukachoka ubweze ndalama, ndipo ena amafuna ulipire wekha kuti uuluke n'kupeza maola, zimenezo azithawe. Pepala lililonse lotero mukalionetse kaye kwa loya, mufunse kuti ngongoleyo imatsika chaka ndi chaka kapena ayi, nanga kampani ikamuchotsa yokha alipirabe? Sukulu zambiri zomwe ana athu amapita zili ku South Africa ndi ku Addis Ababa, fizi yake ndi ya ndalama zakunja, kwacha ikagwa nayo imakwera, ndipo laisensi yoyendetsa ndege ngati ntchito yolipidwa imafuna maola pafupifupi 200, ya ukaputeni 1,500. Musanagulitse puloti kapena kutenga loni, ayambe wakayezetsa za Class 1 medical kwa dokotala wovomerezeka ndi a zandege, maso, makutu, mtima, shuga, chifukwa akalephera pamenepo sukulu iliyonse ingolandira ndalama zanu koma kampani siidzamulemba.