Kudzida sikudzichepetsa ayi

Achemwali, funso lanu landikhudza, mukuti mukangosangalala ndi chinthu chomwe mwachita bwino mtima umakutsutsani kuti mwayamba matama, ndiye mumaona ngati mkhristu weniweni azingodziona ngati chinyalala basi. Ambiri m'matchalitchimu akuvutika nazo zimenezi kungoti sanena.

Ine mmene ndimaonera, wodzikuza ndi wodzida onse amadziyeza ndi ntchito zawo. Mfarisi wa pa Luka 18 uja ankamuwerengera Mulungu kuti ndimasala kudya kawiri pa sabata, chakhumi ndimapereka, sindili ngati wamsonkhoyu. Wodzida naye amawerenga, kungoti iye amawerenga machimo ake usiku onse osagona, za mtanda osazikumbukanso.

Taonani Petro ndi Yudasi, onsetu anamulakwira Yesu usiku umodzi ndipo onse chisoni chinawagwira, Yudasi mpaka anakabweza ndalama zasiliva 30 zija nkuvomera yekha kuti wapereka munthu wosalakwa, koma chisoni chakecho chinamufikitsa pokadzimangirira. Petro analira kowawa koma kwa anzake sanachokeko, ndipo pa Yohane 21 atangomva kuti amene ali pagombewo ndi Ambuye anadziponya m'nyanja kulunjika kwa munthu yemwe anamukana katatu. Ndi zomwe Paulo akusiyanitsa pa 2 Akorinto 7:10, chisoni china chimakubweza kwa Mulungu, china chimapha. Chanucho chiyeseni pamenepo, kodi chikukupangitsani kupemphera kapena kubisala?

Paulo yemweyo pa 1 Akorinto 15 akuti ndine wamng'ono mwa atumwi onse chifukwa ndinazunza mpingo, vesi yotsatira akuti ndinagwira ntchito kuposa onsewo, koma si ine, ndi chisomo. Zonse ziwiri anazinena osachita manyazi. Ndiye wina akakuyamikirani kuti lero kukwaya mwaimba bwino musamayankhe kuti aaa ine ndi ndani, nenani zikomo, mphatsoyo anakupatsani ndi Mulungu ndipo kuinyoza sikumulemekeza. Genesis imati tinaumbidwa ndi dothi, inde, komanso imati m'chifanizo chake.

Chinanso achemwali, ngati kudzidako kwafika poti simukudya, tulo palibe, kapena mumaganiza kuti bola kungofa, chonde musakhale nazo nokha, uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe ndipo mupitenso kuchipatala, matenda a maganizo alipo ndipo amathandizika.