Mchimwene wanga walowerera zonena za Rust Cohle

FUNSO: Bambo mlembi, ndine mayi wa ana awiri. Mchimwene wanga wamng'ono, wazaka 24, waonera sewero la pa TV lotchedwa True Detective mpaka kuliloweza, ndipo kuyambira pamenepo pakamwa pake pasintha. Akuti kubadwa ndi tsoka, kubereka n'kulakwira mwana, ndipo opemphera amangodzinamiza poopa imfa. Tsiku lina ananena zimenezi khanda langa lili m'manja mwake. Akuti maganizowa anawamva kwa wapolisi wa m'seweromo, Rust Cohle, komanso kuti alipo anthu ophunzira amene analemba mabuku a zomwezi. Kodi n'zoona? Nanga ndide nkhawa?

Mlongo wodabwa

YANKHO: Achemwali, za mabukuzo mnyamatayo sakunama.

Seweroli linatuluka pa HBO, kanema wa ku America, mu 2014, ndipo analilemba ndi Nic Pizzolatto. Nkhani ya Rust ili m'magawo 8 oyambirira. Apolisi awiri a ku Louisiana ku America, Rust Cohle ndi Marty Hart, akufufuza amene anapha mtsikana wina, Dora Lange, mu 1995. Pofika 2012 onse awiri anasiya kale chipolisi, ndipo akuitanidwa kuti afotokozenso mmene mlanduwo unayendera. Matthew McConaughey ndiye amasewera Rust, Woody Harrelson amasewera Marty.

Zimene Rust amalankhula zili ndi eni ake. Arthur Schopenhauer wa ku Germany, amene anabadwa mu 1788 n'kumwalira mu 1860, ankaphunzitsa kuti munthu amangokankhidwa ndi chilakolako chosakhuta: chinthu akachisowa amavutika, akachipeza chimamukola, n'kuyambanso kulakalaka china. Peter Wessel Zapffe wa ku Norway analemba mu 1933 kuti munthu ali ndi nzeru zoposa zimene mtima wake ungasenze, chifukwa amadziwa kuti adzafa, n'chifukwa chake amadzitangwanitsa dala kuti asaganize. Za kuberekazo mwini wake wamkulu masiku ano ndi David Benatar wa ku South Africa, m'buku lake la mu 2006, Better Never to Have Been. Mfundo yake ndi yakuti amene sanabadwe wapewa zowawa zonse, ndipo zokoma zimene sanalawe sizimupweteka poti iye kulibeko. Palinso Thomas Ligotti wa ku America, amene buku lake la mu 2010 limafanana kwambiri ndi zolankhula za Rust, moti ena anadzudzula Pizzolatto kuti anangokopera. Iye anakana.

Komabe pali funso limene mchimwene wanu walidumpha, ndipo kwa ine ndi pamene pagona sewero lonseli. Mawu amenewa akutuluka m'kamwa mwa ndani?

Rust anali ndi mwana wamkazi, Sophia, amene anafa pangozi ya galimoto ali ndi zaka ziwiri. Banja linatha. Kenaka anakhala zaka zinayi akudzibisa pakati pa ogulitsa mankhwala ozunguza bongo ku Texas, naye n'kumagwiritsa ntchito mankhwalawo, mpaka anakagonekedwa kuchipatala cha amisala. Nyumba imene amakhala ku Louisiana muli matiresi pansi, mabuku a zaumbanda, ndi mtanda pakhoma ngakhale mwini wake sapemphera. Tulo sabwera. Tsiku limene anapeza mtembo wa Dora linali lokumbukira kubadwa kwa Sophia. Marty atamuitanira chakudya chamadzulo, Rust anafika pakhomo atanyamula maluwa, ataledzera, maso ali gwa, akuopa kukhala patebulo limodzi ndi ana aakazi awiri a mnzake. Munthu wotereyu akamati kubereka ndi tchimo, ine ndimamva bambo woferedwa amene wapeza mawu ophunzira obisamo maliro ake. Iye mwini amafika podzitonthoza kuti mwanayo anachita mwayi kufa asanaone zoipa za dziko. Mawu amenewo sanawatole m'buku lokha.

Tsono muone ntchito zake. Munthu amene amati palibe chimene chili ndi tanthauzo ndi yemweyo amene amayenda ndi chibuku chachikulu n'kumajambulamo chilichonse pamalo a mlandu, mpaka anzake kumupatsa dzina lomunyoza loti wokhometsa msonkho. Ndi yemweyo amene amachezera usiku akufukula mafayilo a akazi ndi ana amene anasowa popanda wowafunsa. Mu 2012 timamuona atakalamba msanga, tsitsi lili nyankhalala, akumwa mowa masana n'kumacheka zitini zake ndi mpeni kupanga tianthu. Ungati watheratu. Chonsecho ali ndi chipinda chimene anasungamo zithunzi ndi mapepala a mlandu uja, zaka 17 chichitikireni. Wokhulupiriradi kuti moyo wa munthu ndi wachabe sangadzivutitse chotere chifukwa cha ana a eni.

Sindikumuyeretsa ayi. Ali ndi nkhanza, amanyoza anthu osauka amene asonkhana kupemphera m'tenti, ndipo zimene amauza mayi wina wopalamula atamaliza kumufunsa n'zoumitsa thupi. Amadziona wanzeru kuposa aliyense, ndipo kunena zoona, nthawi zina amatopetsa.

Anyamata ambiri oonera seweroli samulabadira Marty, pamene iye ndiye theka lina la nkhaniyi. Marty amalankhula zabwino zokhazokha: banja, ulemu, kufunika kwa chipembedzo. Akachoka pamenepo amapita kwa chibwenzi, n'kumadziuza kuti kutero kumathandiza kuti asabweretse ukali wa kuntchito kunyumba. Amamenya mbama mwana wake Audrey. Mkazi wake Maggie amamusiya, ndipo pofika 2012 amadya yekha usiku akuyang'ana TV. Wolembayo anaika dala anthu awiriwa m'galimoto imodzi. Aliyense ali ndi nthano imene amadziuza kuti apirire, ndipo aliyense amaona bodza la mnzake msanga kuposa lake.

Ndikuululirani mathero, mundikhululukire. Atamupeza wakupha uja, Rust amabayidwa n'kukomoka kwa nthawi. Ali panja pa chipatala amauza Marty, akulira, kuti mumdima muja anamva chikondi cha mwana wake, ndipo amavomereza kuti kuwala kukupambana pang'onopang'ono. Oonera ena anakwiya, ati wolembayo anachita mantha n'kufewetsa munthu wawo. Ine ndimaona kuti bambo wolirayo analipo kuyambira gawo loyamba, kungoti ankalankhula chinenero cha m'mabuku.

Nanga mude nkhawa? Kukonda maganizo amenewa pakokha si matenda. Schopenhauer yemweyo anakhala zaka 72, ankadya bwino, ankaimba chitoliro, ndipo tsiku ndi tsiku ankayenda ndi galu wake m'misewu ya Frankfurt. Pa zaka 24 mawu akuda amakoma m'kamwa, makamaka ukaona kuti akulu akudzidzimuka nawo. Musamutsutse ndi ukali, mungomuwonjezera mphamvu. Mufunseni kuti n'chifukwa chiyani Rust sanausiye mlandu uja, mumve mmene ayankhire. Ngati akufuna mabuku, muuzeni awerengenso Albert Camus, wolemba mabuku wa ku France, amene mu 1942 anayambira pamfundo yofanana, yakuti dziko silitiyankha tikalifunsa tanthauzo, koma n'kufika poti munthu apitirizebe kukhala ndi moyo.

Chimene muyang'anitsitse ndi khalidwe lake. Ngati wasiya kudya kapena kugona bwino, akudzipatula kwa anzake, wayamba kumwa kwambiri, kapena zonena zake zachoka pa anthu onse n'kufika pa iye mwini, monga kuti bola akanafa, pamenepo nkhani ya sewero muiike pambali. Mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha, chifukwa kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Mufunsenso ngati pali chimene chamuchitikira posachedwa, kaya maliro, kaya chibwenzi chatha, kaya ntchito. Akavomera za kudziphazo, musamusiye yekha, ndipo mupite naye kwa dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo tsiku lomwelo.