Funsani Tikuyankheni: Ndikaphunzire Kuti Kufufuza Zakale ndi Makina Ofufuzira Zitsulo?

FUNSO: Ndine Mmalawi wokhala ku Leicester, m'dziko la England, ndipo ndimagwira ntchito usiku kunyumba yosamalira okalamba. Ndikamaweruka Loweruka m'mawa ndimaona anthu m'minda imene angokololamo tirigu, atavala mahedifoni, akuyendetsa makina ofufuzira zitsulo zokwiririka pansi. Ndasunga ndalama pang'ono kuti ndigule makinawa, koma sindikudziwa kumene ndingaphunzire, ndiponso ngati mlendo ngati ine angalandiridwe pakati pawo. Kodi ndikapeza chinthu chamtengo wapatali chimakhala changa? Nanga ndingawanyamule makinawa popita kutchuthi kwathu ku Nkhotakota? Bambo wa ana atatu, Leicester.

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Langizo langa loyamba n'lakuti ndalama mwasungazo zibakhala kaye m'thumba, ndipo muyambe mwakumana ndi anthu amene mumawaona m'mindawo, chifukwa makina angagulidwe tsiku lililonse, koma munda wofufuzamo, chilolezo cha mwini wake ndiponso maso odziwa kusiyanitsa kachitsulo wamba ndi chinthu chamakedzana zimapezeka kudzera mwa anthu. Ambiri amene anayamba n'kugula makina anangowayendetsa kawiri kapena katatu kuseri kwa nyumba, kenaka n'kuwapachika atasowa kopita nawo.

Ku Britain ofufuza ambiri ali m'makalabu a m'madera mwawo. Makalabu ambiri amakumana kamodzi pamwezi, ndipo pamsonkhanopo mamembala amayala patebulo zimene apeza m'masabata apitawo, monga mabatani, zomangira malamba, ndalama zamkuwa zobiriwira ndi dzimbiri, ndi zipolopolo za mtovu za mfuti zakale. Munthu watsopano amene amakhala pafupi ndi tebulo limenelo n'kumafunsa modzichepetsa amaphunzira zambiri usiku umodzi kuposa zimene angaphunzire mwezi wathunthu ali yekha. Makalabu ena amakhala odzaza moti dzina lanu lingadikire pamndandanda, choncho lemberani awiri kapena atatu nthawi imodzi. Lowaninso m'bungwe la National Council for Metal Detecting, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1981 ndipo limapereka inshuwalansi kwa mamembala ake. Alimi ambiri ndiponso anthu okonza masiku ofufuza pagulu amafuna kuona khadi la inshuwalansi munthu asanaponde m'munda, popeza dzenje losiyidwa losakwirira likhoza kuthyola mwendo wa ng'ombe kapena wa hatchi.

Za kulandiridwa kwanu monga mlendo ndikuyankhani mosabisa mawu. Sindingakulonjezeni kuti munthu aliyense adzakulandirani ndi manja awiri, chifukwa anthu ndi osiyanasiyana kulikonse, ndipo kumidzi ya ku England mukhoza kupezeka kuti wakuda ndinu nokha pagulu lonse. Komabe chimene kalabu imasamala kwambiri ndi ubale wake ndi alimi, umene umatenga zaka kuti umangike ndipo ukhoza kutha tsiku limodzi. Amene amafika pa nthawi yake, amatseka geti podutsa, amakwirira maenje ake onse ndipo amatola zinyalala zachitsulo zimene wakumba m'malo mozitayanso m'munda, amakhala munthu wofunika pagululo. Ulemu umene tinakula nawo wosalowa m'munda wa mwini osaodira ndi umene ukufunikanso kumeneko.

Mfundo ya chilolezo ndi yaikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Ku England malo alionse ali ndi mwini wake, ngakhale paki ya mumzinda, tinjira todutsa m'minda kapena thengo looneka ngati lopanda ntchito, ndipo kufufuza popanda chilolezo n'kulowerera malo a eni, pamene kutenga chimene mwapezapo kukhoza kuwerengedwa kuti ndi kuba. Ngati munda ndi wobwereka, muyenera kupempha mlimi amene akulima komanso mwini nthaka weniweni, ndipo ndi nzeru kulemberana pangano lofotokoza mmene mudzagawanire zopezekazo. Palinso malo otetezedwa ndi lamulo la 1979 loteteza zipilala ndi malo akale, amene simungafufuzepo ngakhale mwini munda atavomera, pokhapokha bungwe la boma loyang'anira malo akale la Historic England litapereka chilolezo cholembedwa. Mapu aulere a boma otchedwa MAGIC, amene ali pa intaneti, amaonetsa malire a malo oterewa, ndipo muziwayang'ana musanapite kumunda uliwonse watsopano.

Tsopano za makina enieniwo. Kumapeto kwa ndodo kuli chimbale chokhala ndi waya wokulungidwa mkati, chimene chimatumiza mphamvu ya maginito m'nthaka, ndipo mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo, makina amalira m'mahedifoni ndi kuonetsa nambala pagalasi. Misomali ndi zidutswa za makasu zimalira ndi mawu otsika, pamene siliva ndi mkuwa zimalira ndi mawu okwera. Vuto n'lakuti golide amakonda kugwera pakati, pamodzi ndi totsegulira zitini za zakumwa ndi timapepala ta aluminiyamu, moti amene amatchera makina ake kuti asamamve zinyalala zonse amadutsanso pamwamba pa mphete yagolide osadziwa. Makampani odziwika ndi Minelab ya ku Australia, Garrett ya ku America, XP ya ku France ndi Nokta ya ku Turkey, ndipo onsewa ali ndi makina a oyamba kumene. Musathamangire odula, ndipo kukalabu mungapeze ogwiritsidwa kale ntchito kwa munthu amene angakuonetseninso katcheredwe kake. Siyani ndalama ina yogulira kachipangizo kam'manja kolozera pamene pali chitsulo m'dzenje, fosholo yaing'ono yolimba, magolovesi ndi timatumba tapulasitiki tolembapo.

Musanapite kumunda, dzipangireni sukulu pakhomo ngati muli ndi kabwalo ndipo eni nyumba alola. Kwirirani ndalama yachitsulo, msomali, kachidutswa ka mtovu ndi chotsegulira chitini pa kuya kosiyanasiyana, lembani pamene mwaika chilichonse, ndipo muziyendetsapo makina mpaka khutu litazolowera kulira kwa chilichonse. Chimbale chiziyenda pafupi ndi nthaka, mopingasa, osachikweza kumapeto ngati mukutchetcha udzu ndi chikwakwa, ndipo phazi liziyenda pang'onopang'ono. Pa udzu wodyetsa ziweto mumadula chibuma mbali zitatu n'kuchipinda ngati chivundikiro, mumagwada, mumalowetsa kachipangizo kaja m'dothi lonyowa mpaka katanjenjemera, ndipo kawirikawiri chimene chimatuluka ndi kachidutswa ka waya kapena chotsalira cha katiriji ya mfuti yosakira mbalame. Mudzakumba zotere mazanamazana musanagwire ndalama yakale yoyamba, ndipo akuluakulu sananame ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukakumana ndi chinthu chooneka ngati bomba kapena chipolopolo chachikulu cha nthawi ya nkhondo, kapena mafupa a munthu, musachigwire, ikani chizindikiro chapatali ndi kuimbira apolisi komanso mwini munda.

Gwero la maphunziro limene ndimaliika patsogolo pa onse ndi ndondomeko ya Portable Antiquities Scheme, imene inayamba mu 1997 ndipo imayendetsedwa ndi nyumba zosungira zakale za British Museum ku England ndi Amgueddfa Cymru ku Wales. M'madera muli akatswiri otchedwa Finds Liaison Officer, amene ntchito yawo ndi kuona zimene anthu wamba apeza, kuzizindikira, kuzijambula, kuzilemba m'kaundula ndi kuzibweza kwa eni ake, ndipo salipiritsa. Kaundulayo ali pa intaneti pa finds.org.uk, muli zinthu zopitirira 1.5 miliyoni, ndipo mukhoza kusankha Leicestershire yokha, dera limene muli mzinda wa Leicester, n'kuona zithunzi za zimene anzanu akhala akupeza m'dothi limene mudzayendemo. Werenganinso malangizo a 2017 a kafufuzidwe koyenera ku England ndi Wales, amene mabungwe a ofufuza, a alimi ndi a akatswiri ofukula zakale anagwirizana. Magazini a The Searcher ndi Treasure Hunting amathandiza pozindikira zinthu, ndipo National Library of Scotland inaika pa intaneti mapu akale a bungwe la boma lojambula mapu la Ordnance Survey, a ku England omwe, amene amaonetsa misewu ndi nyumba zimene zinafafanizika kalekale. Mavidiyo a pa YouTube ndi magulu a pa Facebook ndi othandiza pa katcheredwe ka makina, koma amaonetsa mphindi zochepa zachisangalalo n'kubisa maola ambiri a misomali, ndipo pa nkhani ya malamulo musawadalire.

Chimene ndikufuna kuti chikhazikike mumtima mwanu n'chakuti chinthu chakale chimalankhula chikadziwika pamene chinagona. Kwanu komweko ku Leicestershire kuli umboni wake. Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti nkhondo ya Bosworth ya mu 1485, imene Mfumu Richard III anaferamo, inamenyedwa pa phiri la Ambion. Kafukufuku amene anatsogoleredwa ndi katswiri wa zakale Glenn Foard, mothandizidwa ndi ofufuza a makina amene ankayenda m'mizere ndi kulemba malo enieni a chilichonse, anapeza zipolopolo za mizinga ndi kabaji kasiliva kooneka ngati nguluwe, chizindikiro cha mfumuyo, pamtunda wa makilomita pafupifupi atatu kuchokera paphiripo. Zipolopolozo zikanangotoledwa n'kuponyedwa m'chitini kunyumba, bwenzi zili zidutswa za mtovu chabe. N'chifukwa chake muyenera kulemba malo a chilichonse ndi GPS ya pafoni, kuchiika m'kathumba kake, ndi kupewa kuchikwecha ndi mankhwala kapena burashi yawaya, chifukwa kubiriwira kwa mkuwa wakale kukachoka, zolemba zake zimapita nako. Tsiku lina mukapuma pitani ndi ana ku Harborough Museum ku Market Harborough mukaone chuma cha Hallaton, ndalama zopitirira 5,000 pamodzi ndi chisoti cha msilikali wachiroma wokwera pahatchi, chimene chinayamba kudziwika m'chaka cha 2000 pamene Ken Wallace, wa kagulu ka anthu wamba okonda zakale, anapeza ndalama zoyamba n'kudziwitsa akatswiri.

Kodi chopezekacho ndi chanu? Zinthu wamba mwalamulo zimakhala za mwini nthaka, kupatula ngati pangano lanu likunena zina. Zinthu zimene lamulo la Treasure Act la 1996 limazitcha chuma ndi nkhani ina. M'gulu limeneli muli zinthu zosakhala ndalama za zaka zosachepera 300 zimene gawo losachepera limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake ndi golide kapena siliva, ndalama ziwiri kapena kuposerapo zagolide kapena zasiliva za msinkhu womwewo zopezeka pamodzi, ndi ndalama khumi kapena kuposerapo zamkuwa za msinkhu womwewo zopezeka pamodzi. Kuyambira mu July 2023 anawonjezerapo zinthu zachitsulo za zaka zosachepera 200 zimene ndi zofunika mwapadera pa mbiri ya dziko. Muyenera kudziwitsa mkulu wa boma wotchedwa coroner pasanathe masiku 14 kuchokera pamene mwazindikira kuti chinthucho chingakhale chuma, ndipo Finds Liaison Officer amakuthandizani kuchita zimenezi. Nyumba yosungira zakale ikafuna chinthucho, komiti yoima payokha imaika mtengo wake, ndipo ndalamayo kawirikawiri imagawidwa pakati ndi pakati kwa wopeza ndi mwini nthaka. Ku Scotland lamulo ndi losiyana, pakuti zakale zonse zopezeka ziyenera kunenedwa ku Treasure Trove Unit ku Edinburgh, ndipo ku Northern Ireland kufufuza zakale kokumba pansi kumafuna laisensi.

Mu 2010 Dave Crisp atapeza mtsuko wa ndalama zachiroma pafupi ndi Frome ku Somerset, anasiya kukumba, anakwirira dzenje n'kuitana akatswiri, amene anatulutsa ndalama 52,503 mosanjikiza mmene zinaikidwira, ndipo mphotho ya mapaundi 320,250 anagawana ndi mwini munda. Anthu ena awiri anapeza chuma cha nthawi ya ma Viking, ankhondo akale ochokera kumpoto kwa Ulaya, ku Herefordshire mu 2015, anachibisa n'kuyamba kuchigulitsa mwachinsinsi, ndipo mu 2019 khoti linawalamula kukakhala kundende zaka zingapo, pamene ndalama zambiri za m'chumacho zinamwazikana. Kwa inu amene mukukhala m'dziko la eni, mlandu wotere ungakhudzenso mapepala anu okhalira ndi ntchito yanu.

Za ku Nkhotakota, ndikupemphani kuti makinawo muwasiye ku Leicester mpaka mutalankhula ndi Dipatimenti ya Museums and Monuments. Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limaika zinthu zamakedzana zokwiririka m'nthaka ya Malawi m'manja mwa boma, limafuna chilolezo munthu asanafukule, ndipo limaletsa kuzitulutsa kunja kwa dziko popanda chilolezo. Kufunafuna golide nako kuli ndi malamulo ake a migodi. Nkhotakota ndi malo a mbiri yowawa ya malonda a akapolo a m'nthawi ya a Jumbe m'zaka za m'ma 1800, ndipo nthaka yotere, pamodzi ndi manda ndi malo a nsembe, siyenera kukumbidwa ndi munthu wapatchuthi, ngakhale a mfumu atamumwetulira. Zimene tikudziwa za likulu la Amaravi ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, zinadziwika chifukwa katswiri Yusuf Juwayeyi anafukula mwadongosolo, n'kulemba pamene panali mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa ndi mapale a mbale za ku China. Ngati kumudzi wina walima n'kutulutsa chibangili chakale kapena mphika wa mikanda, thandizo lanu likhale kujambula chithunzi, kulemba malo, kudziwitsa a mfumu ndi kuimbira a dipatimentiyo.