Mipata ya mu CV yako unaiyika wekha, mdzukulu wanga

Mdzukulu wina wa ku Namwera wandilembera kuti: "Anganga, ndinataipa kalata yofunsira ntchito ndi CV pa laputopu ya achimwene, masamba 3 okha, koma nditafika pa boma kukaprintitsa anatuluka 5, lina loyera mbee, lina mizere iwiri pamwamba basi mpaka pansi phululu. Mtsikana wa pashopu anandilipiritsa onse ndiye ndinamukalipira kuti makina ake ndi akuba. Ndinalakwa?"

Eya unalakwa mwanawe, koma tiyambe ndi mapepalawo.

Ine ndinagwira ntchito yotaipa mu ofesi nthawi ya Kamuzu, akuluakulu ena tauni ino ya Mangochi akuitchulabe Fort Johnston, ndipo pa taipi ija mpata uliwonse umauona ukubwera chifukwa ndi dzanja lako limene limakankha chitsulo. Microsoft Word ndi yosiyana, imabisa zimene zala zako zachita. Pamene iwe ukuona poyerapo pali zinthu, kungoti sizioneka. Tsegula fayilo yakoyo udine Ctrl ndi Shift ndi 8 pamodzi, kapena pa Home upeze kachizindikiro aka ¶ kooneka ngati P woyang'ana kumbuyo. Ukangodina uona timadontho pakati pa mawu ndi tima ¶ pena paliponse pamene unamenya Enter.

Ndikudziwa zimene ukapeze chifukwa anyamata nonse mumatero, umafuna CV iyambire tsamba lake ndiye unagogoda Enter kambirimbiri ngati ukusinja chimanga mpaka mawu anatsetserekera tsamba lina, pa laputopu ya achimwene ako zinaoneka bwino ndithu koma kompyuta ya pashopu mwina ilibe zilembo zimene unasankha kapena pepala lako linali pa Letter la ku America pomwe kuno timagwiritsa A4, lomwe ndi lalitaliko komanso lopapatizako, ndiye mizere inasuntha ndipo ma Enter ako aja anagwera pakati pa tsamba n'kukankha zonse. Afufute onsewo, ukafuna tsamba latsopano dina Ctrl ndi Enter kamodzi kokha. Pepalalo ulisinthenso pa Layout, pa Size, likhale A4.

Ukaona mzere wa timadontho wolembedwa Page Break kapena Section Break pamene sunaufune, kawirikawiri wabwera ndi zimene unakopera kwa mnzako (pajatu ma CV anu ndi obwerekana ngati mpango wa chinkhoswe), ika kasa (kamzere kophethira kosonyeza pamene ukulemba) patsogolo pake n'kudina Delete.

Nanga ngati ¶ palibe koma mpata ulipobe? Apo ndiye ambiri amayamba kunena za ufiti. Dina ku dzanja lamanja la mausi pa ndime imene ili pansi pa mpatawo, usankhe Paragraph, uone manambala a Before ndi After ngati sanakule, kenako pa Line and Page Breaks uchotse chizindikiro pa Page break before. Uchotsenso chizindikiro pa Keep with next imene imamangirira ndime kwa inzake ngati mabwato awiri pachingwe chimodzi, ina ikawoloka tsamba zonse zimatsatira, kumbuyo n'kusiya gombe lopanda kanthu.

Tsamba loyera lakumapeto lija ndikukayikira tebulo la maphunziro ako. Word imasiya ¶ mmodzi pansi pa tebulo amene safufutika olo utani, tebulo likadzaza tsamba iye amagwera tsamba lina yekhayekha. Usalimbane naye, umuchepetse saizi ya zilembo ifike pa 1 abwerera yekha.

Ukamaliza upange Save As n'kusankha PDF, imeneyo siisuntha pa kompyuta ya munthu wina, uiwerenge masamba ake uli kunyumba usanalipire ya minibasi kutsika phiri lonse lija la Chowe.

Tsopano za mtsikana uja. Iye anaprinta zimene unamupatsa, inki ndi pepala anagula abwana ake ndipo madzulo amawerengera, akapeza zaperewera amadula pa malipiro ake. Iwe ukanati "achemwali, tandionetseni kaye pa sikilini kuti atuluka angati" bwenzi zonsezi kulibe, safunsa anadya phula. Komanso kutchula munthu wakuba pagulu kwathu kuno si nkhani yamasewera, ndipo pa mzere wa shopu yoteroyo pamaima aphunzitsi, anesi, ma clerk a m'maofesi omwewo ukuponyako kalata, sudziwa amene anakumva. Lolemba upitenso pomwepo ndi PDF yakoyo, umupatse moni kaye, unene kuti pepani ndinalankhula mopsa mtima tsiku lija, kenako ndi pamene utulutse flashi. Ndipo tsamba loyera lija usataye, unaligula, ubwere nalo ndilembepo ngongole za usipa.