Kaloboti kosesa kangozungulira pamalo amodzi, kodi ndi batire?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina yemwe amawerenga zolemba zangazi. Ali ndi kaloboti kosesa m'nyumba komwe kakhala kakugwira ntchito bwino kwa chaka ndi miyezi ingapo, koma tsopano kayamba makani. Akuti kakanyamuka kamasesa mphindi zochepa n'kuima pakati pa chipinda, nthawi zina kamangozungulira pamalo amodzi, kamakana kukwera kapeti yakuda ya pabalaza, ndipo mphamvu ikatha kamasochera osapeza potchajira. Wina wawauza kuti batire latha. Funso lawo ndi lakuti agule batire latsopano kapena angotaya makina onse.

Amayi, musagule kaye kalikonse. Pa zonse mwatchulazi, ine ndikukayikira kwambiri tsitsi ndi fumbi, batire likubwera pomalizira.

Zimitsani kalobotiko, mukagadamitse patebulo pomwe mwayala nsalu, mutsegule chotsekera bulashi yaikulu ya pakati. Ambiri akafika apa amachotsa tsitsi lomwe likuoneka pamwamba pa bulashi n'kutseka, poganiza kuti amaliza. Vuto lenileni limabisala kunsonga ziwiri za bulashiyo. Pa makina ambiri pamakhala tizitsekero tomwe timazuka mukakoka. Ine tsiku loyamba lomwe ndinazula kachitsekero kotere pa kanga, ndinapeza tsitsi litapotana n'kulimba ngati ulusi wa pa bobini, lakuda bii, mpaka ndinachita kulidula ndi lezala pang'onopang'ono. Kunja bulashi inkaoneka yoyera ndithu.

Tsitsi lotereli limamanga bulashi, mota imakakamizika, ndipo ikakakamizika imakoka magetsi ambiri kuposa masiku onse. Batire lomwe limayenera kusesa nyumba yonse limatha msanga ntchito isanathe. Komanso makinawa anapangidwa kuti akamva kuti mota ikulemedwa kwambiri aziima okha kuopa kupsa. N'chifukwa chake munthu woona patali amanena kuti batire lafa, pomwe batirelo lili bwinobwino. Mukachotsa tsitsilo, izungulitseni bulashiyo ndi chala, iziyenda mosavuta. Chitaninso chimodzimodzi ndi kabulashi ka m'mbali kaja: masulani kabawuti kake, muyang'ane pansi pake.

Tibwere ku nkhani yozungulira pamalo amodzi. Dinani bampala, chija chotchinga kutsogolo, cha kumanzere, pakati ndi kumanja. Paliponse izibwerera yokha msanga. Ikamatirira mbali imodzi chifukwa cha mchenga kapena kachinyalala, kaloboti kamakhulupirira kuti kagunda khoma, ndiye kamakhota, n'kukhotanso, osaleka. Kuimenyamenya mopepuka ndi chikhatho nthawi zambiri kumagwetsa zomwe zalowamo. Ngati bampala ili bwino, onani matayala awiri aakulu. Akankhireni m'kati, azibwerera ndi sipuling'i, ndipo powazungulitsa ndi dzanja onse awiri azilimba mofanana. Limodzi likamangidwa ndi ulusi kapena tsitsi, linzake ndilo limakoka lokha, ndipo makina amayenda mozungulira. Katayala kakang'ono ka kutsogolo nako kamazuka, musakaiwale, kamasunga tsitsi lambiri kosayerekezeka ndi msinkhu wake.

Za kapeti yakuda ndikuuzeni mosabisa: pamenepo sipanawonongeke kanthu. Pansi pa kaloboti, cha m'mphepete, pali timawindo ting'onoting'ono. Awo ndi masensa omwe amaponya pansi kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared n'kudikira kuti kubwerere. Kukabwerera, kaloboti kamadziwa kuti pali pansi. Kukapanda kubwerera, kamaganiza kuti kafika pamphepete pa masitepe, n'kubwerera m'mbuyo kuti kasagwe. Nzeru imeneyi inalipo kale pa kaloboti kosesa koyamba ka mtundu wa Roomba komwe kampani ya iRobot inatulutsa mu 2002. Tsono mtundu wakuda umameza kuwalako, ndiye kapeti yanu imaoneka ngati dzenje. Timawindoto tikakutidwa ndi fumbi vutoli limakula, mwina n'chifukwa chake kale inkakwera koma pano ikukana. Pukutani ndi nsalu yofewa youma. Mudzamva anthu ena akulangiza zomata pepala loyera pa masensawo kuti anamizidwe. Zimagwiradi ntchito, koma ngati nyumba yanu ili ndi masitepe kapena khonde lotsika, chonde musayese, chifukwa mwakachititsa khungu ndipo kadzagwa. Ine ndimaona kuti n'kwabwino kungopinda kapetiyo pa nthawi yosesa.

Kusochera pobwerera kotchajira kumayamba kawirikawiri ndi malo omwe mwaika chotchajiracho. Chimafuna kutsamira khoma, pansi posalala, ndi mpata wa pafupifupi theka la mita mbali zonse ziwiri komanso mita imodzi ndi theka kutsogolo. Nacho chimaitana kaloboti ndi infrared, choncho dzuwa likamawomba pomwepo kapena pakakhala galasi lalikulu pafupi, chizindikirocho chimasokonezeka. Ngati munachisuntha posachedwa, mapu omwe kaloboti kanasunga akukatumizabe kumalo akale. Ndipo ngati kanu kali ndi kansanja kozungulira pamwamba, kaja ka LiDAR komwe kamayeza kutalika kwa makoma ndi zinthu pogwiritsa ntchito kuwala, yang'anani ngati kakuzunguliradi poyenda. Tsitsi lokodwa m'menemo limatha kukaimitsa.

Pali tizitsulo tiwiri pansi pa kaloboti ndi tina tiwiri pa chotchajira, tomwe timakhudzana kuti magetsi alowe. Tikachita litsiro, kaloboti kamagona pamenepo usiku wonse koma m'mawa batire silinadzaze. Chotsani chotchajira kumagetsi, mupukute tizitsulo tonse tinayi ndi nsalu youma, kapena yonyowetsa pang'ono ndi sipiliti, mpaka tiwale.

Sefa ya fumbi ndingoitchula mwachidule. Igogodeni m'bini sabata iliyonse, muziisintha pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Musaitsuke ndi madzi pokhapokha buku la makinawo litanena kuti ndi yotsukika, ndipo ikatero iume kotheratu musanaibwezeremo, chifukwa sefa yonyowa imaumitsa fumbi ngati dothi n'kutseka mpweya.

Mukachita zonsezi, katchajeni mpaka kadzaze, mukasiye kasese pansi popanda kapeti, inu mukuyang'ana nthawi. Ngati kabwerera ku utali womwe kankasesa kale, ndalama yanu yapulumuka. Ngati bulashi ikuyenda bwino, matayala ali omasuka, tizitsulo tikuwala, koma kakuzimabe patangopita mphindi khumi, apo ndiye tikambe za batire. Makina ambiri a masiku ano amagwiritsa ntchito mabatire a lithium-ion a mavoti 14.4, ndipo amatopa akatchajidwa maulendo mazana angapo. Kwa ambiri limeneli ndi vuto la patapita zaka ziwiri kapena zitatu, ndiye chaka chimodzi ndi miyezi ingapo chikundionekera msanga. Kusintha kwake n'kosavuta: mumamasula timabawuti ta chivundikiro cha pansi, n'kuzula waya wake, n'kulowetsa latsopano. Gulani lomwe nambala yake ndi mavoti ake zikufanana ndendende ndi zolembedwa pa lakalelo.

Chinthu chimodzi chokha chomwe sindifuna muzengereze nacho: mukatsegula n'kupeza batire litatupa, likutentha modabwitsa kapena likununkha zachilendo, musalitchajenso ngakhale kamodzi. Lichotseni mosamala osalibaya, liikeni pasimenti kutali ndi zinthu zoyaka, ndipo mukalisiye kumalo olandira mabatire akutha, osati m'bini ya zinyalala za m'nyumba. Ngati makinawo akadali pa waranti, lankhulani kaye ndi omwe anakugulitsani musanamasule chivundikiro cha pansi.