Za funso lija la asilikali omwe anathamangitsa Angelezi ku America

Achimwene mwafunsa ngati anthu omwe anamenyana ndi Angelezi ku America kuyambira 1775 anali eni nthaka ngati mmene analili a Chilembwe kwathu kuno. Ayi ndithu, ambiri anali azungu obwera, ana ndi zidzukulu za atsamunda omwewo. Ndikuuzeni za mmodzi yemwe mbiri yake imandikhudza, Daniel Morgan.

Mkuluyu anabadwira ku New Jersey cha mma 1736, makolo ake a mtundu wa ku Wales. Ali ndi zaka ngati 17 anayambana ndi bambo ake nkuchoka pakhomo mpaka kukafika dera la Winchester ku Virginia, komwe nthawi imeneyo kunali kumalire enieni, ukangopitirira mapiri uli mdziko la eni nthaka monga a Shawnee. Anayamba ndi maganyu kenako nkukhala oyendetsa ngolo, ndipo mu 1755 ankanyamula katundu wa asilikali a Britain pa ulendo wa General Braddock wokamenyana ndi Afalansa. Inde ankagwirira ntchito Angelezi omwewo. Pa nkhondo imeneyi anamenya ofesala wachingelezi ndiye anamulamula zikoti 500, tangoganizani, ambiri amafera pompo koma iye anapulumuka nsana uli zipsera zokhazokha, ndipo mpaka kukalamba ankanena kuti owerenga uja anaphonya chimodzi, anamukwapula 499. Kenakonso chipolopolo chinamulowa pakhosi nkutulukira mkamwa mano ena nkuguluka.

Kunyumba kunali mayi Abigail Curry. Anakhala limodzi zaka pafupifupi 10 asanamangitse ukwati mu 1773, ali kale ndi ana aakazi awiri Nancy ndi Betsy. Ine mayiyu ndimamuganizira kwambiri chifukwa mabuku amangotchula dzina basi, pomwe mwamuna ananyamuka mu 1775 ndi anyamata 96 odziwa mfuti, kuyenda wapansi masiku 21 mpaka ku Boston, kuchoka apo ku Quebec ku Canada komwe anagwidwa ndi Angelezi pa 31 December chaka chomwecho nkukhala mkaidi miyezi yambiri, nthawi yonseyo munda ndi ana zinali mmanja mwa ndani?

Koma apa pali chomwe sindifuna tibise. Pofika 1774 Morgan anali ndi akapolo 10, anthu akuda ngati ife tomwe, akulima munda wake, ndipo chaka chomwecho iye anapita kukamenyana ndi a Shawnee pa nkhani ya malo. Ufulu omwe ankamenyera unali weniweni kwa iye, nsana wake unkadziwa nkhanza za Angelezi, koma sunafike kwa akapolo aja kapena kwa eni nthaka. Ndichifukwa chake sindingamuike pamodzi ndi a Chilembwe, omwe anakaphunzira ku Virginia komweko ku Lynchburg patapita zaka zoposa 100 nkupeza anthu akuda akuzunzikabe.

Pa nkhondo yokha anali katswiri, izo sinditsutsa. Ku Saratoga mu 1777 anyamata ake anathandiza kwambiri, ndipo pa 17 January 1781 ku Cowpens anagonjetsa Banastre Tarleton, mtsogoleri wa gulu la asilikali a Angelezi, pouza asilikali ake osazolowera nkhondo kuti awombere kawiri kokha kenako abwerere mbuyo, Angelezi kuona ngati akuthawa anathamangira mumsampha. Atatero anabwerera kumudzi nsana ndi miyendo zikumupweteka, nyumba yake anaitcha Saratoga.

Nancy anakwatiwa ndi Presley Neville, mwana wa John Neville okhometsa msonkho wa kachasu ku Pennsylvania. Mu 1794 alimi a kumalire anakana msonkhowo nkuotcha nyumba ya John Neville, sebele wa Morganyo, ndipo mmodzi mwa omwe anatsogolera asilikali a boma kukawakhaulitsa anali Morgan, yemwe naye anayambira moyo kumalire ngati iwowo. Anakhalako phungu ku Congress, nyumba ya malamulo ya America, kuyambira 1797 mpaka 1799, nkumwalira ku Winchester mu July 1802.