Ndalama ya ma probiotic iyambe yadikira, achemwali

Achemwali, ndaona funso lanu. Mwati munamaliza kumwa amoxicillin sabata ziwiri zapitazo koma m'mimba simunakhazikike, mukungobwata, lero kutsegula mawa kudzimbidwa, ndipo wina akukutsatsani botolo la ma probiotic pamtengo woboola m'thumba. Ine ndikuti ndalamayo iyambe yadikira.

M'matumbo aakulu a munthu aliyense mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso tankhaninkhani, ndipo tambiri n'tothandiza. Mankhwala ngati amoxicillin kapena Bactrim sasankha: akamapha toyambitsa matenda amakokolanso tabwino tomwe. N'chifukwa chake anthu ena amatsegula m'mimba akamamwa mankhwalawa kapena akangomaliza. Ma probiotic ndi tizilombo tabwino tamoyo, monga Lactobacillus ndi Bifidobacterium, tomwe munthu amadya kuti tikathandize m'matumbomo. Ma prebiotic ndiye chakudya chake. Ndi mbali ya zakudya zakumunda yomwe thupi lathu silitha kugaya, moti imadutsa mpaka kukafika m'matumbo aakulu. Kumeneko tizilombo tija timaisasitsa n'kutulutsa asidi wina, monga butyrate, yemwe amadyetsa khoma la matumbo. Oweta ng'ombe a ku Ngabu andimvetsa msanga: kugula ng'ombe ulibe msipu n'kutaya ndalama. Tizilombo ta m'botolo nthawi zambiri sitikhazikikanso m'matumbo, mukasiya kumwa timatha pang'onopang'ono.

Komanso taganizirani dzuwa lathuli. Mu October ndi November ku Nchalo kapena ku Bangula kutentha kumapitirira madigiri 40, pomwe mitundu yambiri ya tizilomboti imafa ndi kutentha, ina imafuna furiji. Botolo lomwe lakhala likuzungulira m'chikwama cha wogulitsa pa kabaza, mudziwa bwanji kuti muli chamoyo? Mukafunitsitsa kugula, gulani ku famase, ndipo muwerenge dzina la tizilombo tomwe tili m'botolomo, tsiku lothera mphamvu ndi kasungidwe kake.

Msipu uja tili nawo wambiri kuno kuchigwa. Nyemba, khobwe ndi nandolo ndiye patsogolo. Nsima ikhale ya mgaiwa, mapira kapena mchewere, chifukwa ufa woyera timauyeretsa pochotsa gaga, pomwe m'gagamo ndi momwe muli zomwe matumbo akufuna. Anyezi ndi adyo ali ndi inulin, chakudya chenicheni cha Bifidobacterium, ndiye musamaumire pothira m'ndiwo. Nthochi yosapsetsa ndi yabwino kuposa yofewa kwambiri, ndipo mbatata yophika ikazizira, mbali ina ya sitalichi yake imasanduka yosagayika msanga n'kukafika kwa tizilombo tija. Onjezerani therere ndi malambe, omwe timawaona ngati zodya za ana. Koma muyambe pang'ono. Mukadya mbale yodzaza nyemba tsiku loyamba, mpweya ukuvutitsani mpaka mudzanena kuti ndinakunamizani. Muziwonjezera patapita masiku angapo, ndi kumwa madzi ambiri otetezedwa, owiritsa kapena othira klorini.

Tizilombo tamoyoto mungatipeze mu chambiko ndi yogati, kapu imodzi patsiku. Apa ndiima pang'ono chifukwa kuno mkaka timautenga kukhola. Mkaka wosawiritsa ungathe kukupatsani chifuwa chachikulu cha ng'ombe kapena brucellosis, ndipo kusasa sikutsimikiza kuti matendawa afa. Uwiritseni kaye, uzizire mpaka ukhale wofunda chabe, muthiremo masipuni awiri a chambiko kapena yogati wopanda shuga wa m'sitolo, muvundikire m'chiwiya chotsuka bwino. Ndi kutentha kwa kuno, mukauika madzulo m'mawa mupeza wagwirana. Thobwa nalo limathandiza likagona n'kuyamba kuwawasa, koma mukaliwiritsanso mwapha zonse, ndipo logula m'mabotolo a pamsewu vuto lake ndi loti madzi ake simukuwadziwa.

Chenjezo limodzi kwa ena omwe akuwerenga: ngati mukumwa doxycycline kapena ciprofloxacin, musamwere limodzi ndi mkaka kapena chambiko, chifukwa zimalepheretsa mankhwala kulowa bwino m'thupi. Mutalikitse ndi maola angapo monga akuuzirani achipatala, ndipo mankhwalawo mumalize. Yemwe chitetezo cha m'thupi mwake chatsika kwambiri asamwe ma probiotic a m'botolo asanafunse dokotala.

Zonsezi ndi za m'mimba mongosokonekera. Mukaona magazi m'chimbudzi, thupi likutentha, mukuonda, kapena kutsegula kwa madzi okhaokha ngati otsukira mpunga, siyani za chambiko, yambani kumwa Thanzi ORS muli panjira yopita kuchipatala. Tonse tikukumbukira mmene kolera inatisautsira mu 2022 ndi 2023. Mwana wotsegula m'mimba amafunika ORS mpaka kutsegulako kusiye, komanso zinc kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo woyamwa apitirize kuyamwa. Mkaka wa m'mawere uli kale ndi chakudya cha tizilombo tabwino.

Inuyo achemwali, yesani zakudyazi kwa sabata ziwiri. Mukaona kuti palibe kusintha, pitani akakuyezeni chimbudzi, chifukwa kwa ife omwa madzi a m'zitsime zomwe zimalowa madzi osefukira, njoka zam'mimba ndi amoeba si zachilendo, ndipo zimenezo zili ndi mankhwala akeake.